Chipepeso cha Araba

Araba Bentsiwa adayamba kugulitsa dokono, nsima yathu yokulunga m'masamba ija, m'mbali mwa msewu pa Yamoransa mawere asanamere, ndipo mpaka lero akadali pomwepo, tebulo lachitatu kuchokera pa mlatho. Manja ake amanunkha chimanga chosasa ngakhale atasamba ndi sopo wa mtengo wapatali. Amanyika yekha, amakanda yekha, amakulunga yekha m'masamba ouma a nthochi, ndipo wina akayerekeza kunena kuti dokono wa patebulo loyandikana nalo ndi wofewerapo, ameneyo asadzaimenso pamenepo. Mayiyu ndi wansanje chibadwire, tisabise. Koma nsanje yake kale inkathera pa makasitomala. Mowa sadaulawepo, ndipo m'kwaya ya ku Methodisiti ndiye amayambitsa nyimbo.

Adakwatiwa ndi Ebo Essilfie, dalaivala wa torotoro, minibasi yoyenda pakati pa Mankessim ndi Cape Coast, ndipo akhala m'banja zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ana atatu onse, Ato ndi abale ake, adakula n'kuchoka pakhomo. Ebo adali munthu wabwinobwino, wosamenya mkazi, wosalongolola. Vuto lake lidali la madalaivala ambiri a pasiteji: asananyamuke ulendo woyamba, ankayamba watsuka maso, monga iwo amanenera. Kutsuka masoko ndi kakapu kakang'ono ka apiyo, kachasu wathu uja wopsereza pakhosi, ndipo ankakamwera m'kanyumba kabuluu ka kuseri kwa siteji, kwa mayi wina dzina lake Mansa. Kakapu kamodzi kadasanduka tiwiri, tiwiri tidasanduka tinayi. Maso a Ebo adatsukidwa mpaka adafiira.

Zimene Araba adaona m'zaka zimenezo n'zosayamba. Adamutolapo m'ngalande dzuwa likuswa mtengo, anthu akuonerera. Adachapa mabuluku osachapika. Adanamiza mwini galimoto kuti mwamuna wake wadwala malungo, kangapo konse, mpaka mwini galimotoyo adafunsa ngati udzudzu wonse wa m'boma lino umagona kunyumba kwawo. Tsiku limene a kuchimuna adabwera kudzafunsira mwana wawo wamkazi, Ebo adapezeka ali mtulo kuseri kwa bafa. Nsalu ya Araba ya kente, imene mayi ake adamusiyira, idasowa m'sutikesi, ndipo palibe adafunsa kumene idapita chifukwa onse ankadziwa.

Kenako lidafika tsiku lija. Masanasana Lachitatu, Ebo adaphonya khona, galimoto n'kukalowa m'benchi ya mayi wina wogulitsa tomato. Mulungu adalipo, palibe adafa, koma mayi wina wa m'galimotomo adathyoka mwendo. Apolisi adamuuza kuti auzire m'kachipangizo kawo koyezera mowa, ndipo kachipangizoko sikadamunamizire malungo. Woweruza adamulanda laisensi, n'kumupatsa chaka chimodzi cha ndende, koma adachiimika kaye. Adati Ebo apite miyezi isanu ndi umodzi ku nyumba yothandizira anthu kusiya mowa ku Mankessim, Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, folo koloko madzulo. Akafika aziyamba wauzira m'kachipangizo, ndipo zotsatira zake zizipita kukhoti. Akadzangopezeka ndi mowa kamodzi kokha, chaka chija akachigwira chonse.

Araba adavina kutchalitchi Lamulungu limenelo, mpango m'mwamba. Zaka zonsezi ankapemphera kuti mwamuna wake asiye mowa, ndipo tsopano boma lidali litamuyankhira pemphero lake. Adaiwala kuti walira mvula walira matope.

Matopewo adali Mansa. Eya, Mansa yemwe uja wa kanyumba kabuluu. Mayiyu nayenso ankamwa katundu wake yemwe mpaka chiwindi chidatupa, adagona m'chipatala miyezi itatu, n'kutulukamo atasiyiratu. Kanyumba kaja adakasandutsa kogulitsiramo buledi ndi madzi, ndipo tsopano ndiye ankatsogolera gulu la osiya mowa, mothandizana ndi nesi wa pamalopo. Onse ankamutchula kuti Sista Mansa.

Ebo adasintha mooneka ndi maso. Masaya adabwerera, maso adayera, adapeza kaganyu kotsuka magalimoto pasiteji. Koma pakamwa pake padadzala dzina limodzi. Sista Mansa akuti ndizidya ndisanachoke pakhomo. Sista Mansa akuti ndisamadutse njira ya kuseri kwa siteji. Sista Mansa akuti kwa munthu ngati ine kapu imodzi ndi botolo lonse. Araba ankangoti kukamwa pululu, chifukwa mawu onsewa iye adawanenapo, ena mokuwa, ena molira, ena atagwada, kwa zaka makumi awiri, ndipo onse adangolowera khutu ili n'kutulukira linali. Lero awanena mayi amene ankamuthirira mowawo, asanduka uthenga wabwino.

Efuwa, mnzake wa patebulo loyandikana, ndiye ankathira mchere pachilonda.

"Amwali, amuna anutu awala masiku ano. Mwayamba kuwadyetsa chiyani?"

"Chomwe ndakhala ndikuwadyetsa chija."

"Ayi ndithu, pali dzanja lina apa. Dzulo ndawaona pa Mankessim atanyamulira Sista Mansa thumba la buledi. Inu adakunyamuliranipo beseni chikwatirane?"

"Iwe Efuwa, yang'ana dokono wako, ntchentche zikukuthera."

"Ine ndangonena. Mkazi uja ndi wamwayi, eti? Kale ankadya ndalama za amuna anu, lero akudya ulemu wawo. Inu mwatsala ndi mabuluku."

Araba adaseka nawo, koma mtima udamuwawa tsiku lonse. Lachisanu lotsatira adasiya tebulo, n'kukwera galimoto ya ku Mankessim ngati wokagula masamba. Nyumba ya osiya mowa ija ndi sitolo yakale yosungiramo koko, ndipo mawindo ake ndi a matabwa. Adasuzumira pa mpata. Amuna khumi ndi akazi awiri adakhala mozungulira pa mipando ya pulasitiki. Ebo adali ataimirira, akulankhula. Mawu sankamveka chifukwa cha chigayo cha pafupi, koma nkhope inkaoneka, ndipo misozi inkatsika mpaka m'ndevu. Mwamuna amene sadakhetse msozi pamaliro a mayi ake omubala! Atakhala pansi, Mansa adamugwira paphewa, iye n'kugwedeza mutu ngati mwana. Araba sadaganize kuti awiriwo ali pachibwenzi, ayi. Zikadakhala zimenezo bwenzi zili zosavuta, akadadziwa pogwira. Chimene chidamupweteka n'chakuti misozi imeneyo idali yake, adaigwirira ntchito, koma inkagwera pa simenti ya eni.

Mwezi wachinayi, gulu lidafika pa gawo lopepesa. Aliyense ankayenera kupita kwa anthu amene adawalakwira chifukwa cha mowa, n'kukanena ndi pakamwa pake chimene adachita. Ebo adalemba mayina pa pepala, n'kulipinda m'thumba la malaya. Loweruka lililonse ankavala malaya ake oyera, Araba atawasita, n'kunyamuka. Adapita kwa mayi wothyoka mwendo uja. Adapita kwa mayi wa tomato. Adapita kwa mwini galimoto. Adakwera mpaka ku Tema kukapepesa mwana wake wamkazi za tsiku lofunsira lija, ndipo mwanayo adaimba foni akulira kuti, "Amayi, ababa asintha!" Araba adati, "Tithokoze Mulungu," n'kudula.

Loweruka lachisanu, akusita malaya aja, adafunsa osatukula mutu.

"Bambo a Ato, papepala panupo ine ndili pa nambala yanji?"

Ebo adakanda m'mutu. "Mayi a Ato, iwe ulipo. Uli pamwamba penipeni."

"Pamwamba? Ndiye mumawerenga kuyambira pansi?"

"Yako ndi yolemera. Ndikangoti ndiyambe, pakhosi pamatseka. Sista Mansa akuti ndisadzikakamize, ndiyambe ndi zopepuka, tsiku lake lidzafika."

Akadangolekera pa mawu akuti yolemera, mwina nkhani ino sibwenzi ilipo. Koma Araba adangomva zakumapeto zokhazo. Ndiye kuti ngakhale chipepeso chake chomwe chili m'manja mwa Mansa, ndiye adzanene tsiku? Adaika simbi pansi, n'kumupatsa malaya mkono umodzi usanasitidwe.

M'mawa mwake atatuluka m'tchalitchi adapita ku Biriwa kwa amalume ake, a Kweku Bondzie, msodzi wokalamba amene ndiye mwini mbumba. Adawafotokozera za ngalande, za kente, ndipo adati akufuna mwamuna wake amupepese mwamwambo, pamaso pa abale. Mwambowo aliyense amaudziwa. Mwamuna wolakwa amabwera kwa akuchikazi ndi nsalu, mazira ndi botolo la mowa wa shinapu. Mwini mbumba amathira pansi kuitana makolo, kenako kapu yoyamba amapatsa wolakwayo kuti amwe anthu akuona, kusonyeza kuti mumtima mwake mulibe chotsalira. Akamwa, mlandu watha.

"Wachedwa nazo, mwana wa mlongo wanga," adatero amalumewo. "Abwere Lachiwiri lino masana."

Tsiku lina silikadatheka, chifukwa Lachiwiri lokha ndi limene asodzi sapita kunyanja, ndipo milandu yonse ya pabanja imakambidwa tsiku limenelo. Araba ankadziwa bwino kuti Lachiwiri lomwelo, folo koloko, mwamuna wake akauzira m'kachipangizo. Ankadziwa za kapu ija. Amalume sankadziwa za kukhoti, ndipo iye sadawauze. Mumtima ankadziuza kuti akuluakulu apeza njira, koma pansi pa mtimapo padali mawu ena oipa: tione ngati zonena za Mansa zingapose mwambo wa kwathu, tione kuti asankha ndani.

Uthenga udamufika Ebo. Adatuma mkulu wake kukafunsa ngati angabweretse zakumwa zoziziritsa kukhosi m'malo mwa shinapu. Yankho lidabwera lalifupi, lakuti makolo a kwa Bondzie si ana a sukulu kuti azimwa zotsekemera.

Lachiwiri lija adakwera limodzi galimoto, Ebo, mkulu wake ndi Araba. Botolo lidali m'jumbo yakuda, ndipo Ebo adaigwira ndi zala ziwiri, kutali ndi thupi.

"Mayi a Ato, tandigwirirako ichi."

"Wolakwa ndiye amasenza," adayankha Araba, maso ali pawindo.

Ku Biriwa adapeza abale atakhala kale pabwalo, pansi pa mtengo wa kokonati, maukonde atayanikidwa pambali. Azakhali, alongo, ngakhale ena amene Araba adali asanawaone chichokere maliro a mayi ake. Adamva kukoma. Lero anthu onsewa amva Ebo akunena ndi pakamwa pake.

Apa ndi pamene mayi wochenjerayu adazindikira kuti wadzitchera yekha. Pamwambo, wolakwa salankhula. Amakhala pansi, nsalu atatsitsa paphewa, maso pansi, ndipo womulankhulira ndiye amanena zonse. Araba adaonererapo milandu yotere kambirimbiri, koma ukali udamuiwalitsa. Mkulu wake wa Ebo adaimirira, n'kukhosomola.

"Akuluakulu, mwana wathuyu adaterereka. Munthu ndi munthu, ngakhale wa miyendo inayi amagwa. Zimene adachita sitizitchula, mukuzidziwa. Tabwera kudzagwira mwendo. Nayi nsalu, nawa mazira, nali botolo."

Basi. Zaka makumi awiri ndi ziwiri zidathera m'mawu akuti sitizitchula. Ngalande sidatchulidwe, kente sidatchulidwe. Mayi wa tomato adamva zambiri kuposa iye. Azakhali adaombera m'manja, wina n'kumuika Araba nsalu ija pamiyendo, akuti taona kukongola kwake.

A Bondzie adatsegula botolo. Fungo lidamwazika pabwalo ponse. Adathira pansi katatu, akutchula mayina a amene adatsogola, anthu akuvomera. Kenako adadzaza kakapu kakang'ono mpaka m'milomo, n'kukatambasulira kwa Ebo.

"Mkamwini, imwa, tithane nazo."

Mkulu wake wa Ebo adayesa kulowererapo. "Akuluakulu, mnzathuyu adasiya. Ndingamumwere ine?"

"Kodi wolakwa ndiwe? Kakapu kamodzi aka? Munthu amene ankamaliza chigubu payekha? Akakana ndiye kuti ali nacho chifukwa mumtima, ndipo mwana wathu sabwerera naye."

Ebo adalandira kakapuko ndi manja awiri. Mowa udasefukira n'kuyamba kudontha m'zala. Sadayang'ane amalume, sadayang'ane mkulu wake. Adayang'ana mkazi wake, ndipo adaphwanya mwambo, adalankhula.

"Mayi a Ato, ukati ndimwe, ndimwa."

Araba adafuna kudziwa kuti mwamuna wake asankha ndani, ndipo apa adadziwa. Adasankha iye. Adali wokonzeka kumwa, kukauzira folo koloko, kukagwira chaka kundende, kungoti mkazi wake asatsale ku Biriwa. Koma Araba adaonanso chinthu china chimene sadachiyembekezere. Mphuno za Ebo zidali zitatukuka, lilime likunyambita milomo. Mbali ina ya munthuyo inkapempha kuti iye anene kuti imwani. Adachita mantha kuposa tsiku la ngozi.

Adadzambatuka, nsalu n'kugwa, n'kumulanda kakapu kaja. Adakhuthulira pansi konse.

"Makolo awonjezere," adatero. "Ali ndi ludzu."

Kenako a Bondzie adamenya ndodo pansi.

"Iwe Araba! Wapenga? Watisonkhanitsa wekha, lero ukutichititsa manyazi pamaso pa alendo? Ukudziwa kuti ukatero mlandu sunathe?"

"Usathe, amalume. Mlandu suwola. Tidzabwera tsiku lina."

"Botolo latsegulidwa kale ili!"

"Imwani inuyo, simuyendetsa galimoto."

Azakhali ena adabisa kuseka m'nsalu, ena adatukwana. Araba adatola nsalu yake ndi mbale ya mazira, n'kumugwira Ebo pamkono. Adachoka osatsanzika, ndipo mpaka lero ku Biriwa amamunena kuti ndi mkazi wopanda mwambo.

Kumsewu adaima kudikira galimoto. Nthawi idali itangopitirira thu koloko. Araba ankaganiza kuti zoopsa zatha, koma atamuyang'ana mwamuna wake adaona kuti zikungoyamba. Ebo ankanunkhiza zala zake. Tsidya lina la msewu padali kanyumba kogulitsira apiyo, chitseko chili chotsegula, ndipo maso ake adali pamenepo.

"Bambo a Ato, tayang'anani kuno."

"Fungo lija lili m'mphuno, Araba. Silikuchoka."

Adamutsuka manja ndi madzi a m'pepala. Adamugwira chikhatho n'kuyamba kupemphera. Adayambitsa nyimbo ya kukwaya, ya mawu olimbikitsa, anthu odutsa akumuyang'ana. Ebo sankamva chilichonse. Phazi lake limodzi lidali litatsikira kale pa phula.

"Ndingokagula ndudu," adatero, munthu wosasuta.

Araba adayesa zonse zimene ankadziwa, ndipo zidali zomwe zija zimene zidakanika kwa zaka makumi awiri. Chidatsala chimodzi chokha. Adapisa m'thumba la malaya a mwamuna wake, n'kutulutsa foni. Dzinalo silidavute kulipeza, lidali pamwamba pa onse oimbiridwa. Adadina.

"Halo, a Ebo?"

"Si iwo. Ndine mkazi wawo. Agwira kapu ya shinapu. Sadamwe. Koma akufuna kuwoloka msewu, ndipo ine sakundimva."

Mansa sadafunse kuti kapuyo yachokera kuti. "Mayi, mwachita bwino kuimba. Imani pakati pa iwo ndi kumene akuyang'anako, musasunthe. Apatseni foni."

Araba adaima pamene adauzidwa, msana ku kanyumba kaja, nsalu kukhwapa, mazira m'manja. Adamvera Mansa ngati mmene onse amamverera. Ebo adaika foni kukhutu, n'kutembenuka, n'kukatsamira mtengo wa magetsi, masitepe atatu okha kuchokera pamene padali mkazi wake. Poyamba ankangoti eya, eya. Kenako mapewa adayamba kugwedezeka. Magalimoto awiri a ku Mankessim adaima, n'kupita. Pang'ono ndi pang'ono phazi lija lidabwerera pa dothi, ndipo Araba adadziwa kuti folo koloko kachipangizo kakapeza mpweya woyera.

Ndipo adamva zonse, chifukwa apa padalibe chigayo.

"Sista, mkazi ameneyu ndamuzunza. Adanditola m'ngalande anthu akuseka. Kente ya mayi ake ndidagulitsa ine, ndidamwera kwa inu komweko masiku anayi. Sadandifunsepo. Lero wakana abale ake chifukwa cha ine. Ndimulipira chiyani, Sista? Ndiyambira pati kumuuza?"

Mawu onse adalipo, amodziamodzi, monga mmene Araba ankawafunira. Adadikira kuti mwina atembenuka. Ebo adapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, n'kupitiriza kulankhula ndi Mansa, nkhope ili kumtengo.